Mzinda wa Blantyre Umathera Pati?

Munthu wa ku Lirangwe akakhala ku Johannesburg, wina n'kumufunsa kwawo, amayankha mosazengereza kuti, "Kwathu n'ku Blantyre." Sananame. Munthu yemweyo akakhala pakhomo pake, m'mamawa akuthamangira minibasi pamsewu wa M1, amatsanzika ana kuti, "Ndapita ku Blantyre, ndibwera madzulo." Apanso sananame. Ali ku Blantyre, koma akupita ku Blantyre. Eni akefe sitiona chachilendo pamenepa. Amene amatuluka nazo thukuta ndi munthu amene wapatsidwa ntchito yolemba nkhani ya mzindawu mu insaikulopediya, chifukwa iyeyo ayenera kusankha chimene chilowe ndi chimene chitsale panja, ndipo sangayambe n'komwe asanadziwe kuti Blantyre amene akulembayo ndi uti.

Insaikulopediya ndi buku limene limasonkhanitsa nzeru za zinthu zosiyanasiyana, chilichonse pamutu pake, kuti munthu wofuna kudziwa msanga atsegule n'kupeza zoona zake mwachidule. Imodzi mwa zotchuka, Encyclopaedia Britannica, inayamba kusindikizidwa mu 1768 ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, ndipo pofika 1771 yonse inali m'mabuku atatu okha. Masiku amenewo wolemba ankaletsedwa ndi pepala: mzinda waukulu unkapatsidwa ndime zingapo, waung'ono mzere umodzi, wina osatchulidwa n'komwe. Wikipedia itabwera mu 2001 vuto la pepala linatha, pakuti pa intaneti tsamba silidzaza. Koma mtima wa wowerenga umadzaza. Mwana wa sukulu amene akufuna kudziwa chaka chimene mzinda unayamba sangapirire kuwerenga mayina a malo ogona alendo makumi anayi asanapeze yankho. Choncho ntchito ya lichero ikadalipo, ndipo masiku ano yakula, chifukwa zoti zipetedwe zachuluka.

Mzere woyamba uyenera kuthetsa chisokonezo cha dzina. Pali Blantyre wa ku Scotland, tauni yaing'ono kufupi ndi Glasgow kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Pali mzinda wa Blantyre, umene uli ndi khonsolo yakeyake ndi mfumu ya mzinda. Palinso boma la Blantyre, lalikulu kuposa mzindawo, lokhala ndi khonsolo ina, lofika mpaka ku mtsinje wa Shire, kumene kuli madera a mafumu aakulu monga Kapeni, Kuntaja, Kunthembwe, Lundu, Chigaru, Makata, Machinjiri ndi Somba. Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda, ndi ena oposa 450,000 m'madera a kumidzi a bomali. Wolemba wosasamala amaphatikiza manambala awiriwa n'kulengeza kuti mzinda wa Blantyre ndi waukulu kuposa Lilongwe, pamene kalembera yemweyo anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda wa Lilongwe. Nambala ikalowa m'nkhani izibwera ndi chaka chake ndi malire ake.

Pali zinthu zimene palibe angatsutse kuti zilowe, ndipo sitichedwapo. Malo amene mzinda uli, m'mapiri a Shire Highlands, pakati pa Michiru, Ndirande ndi Soche. Mtsinje wa Mudi. Nyengo yake. Kuti Limbe anali tauni payekha mpaka 1956 pamene anaphatikizidwa ndi Blantyre. Kuti likulu la dziko linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, koma khoti lalikulu la apilo, msika wa masheya ndi malikulu a makampani ambiri zili kuno. Chipatala cha Queen Elizabeth (Queens), bwalo la Kamuzu, matimu a Bullets ndi Wanderers. Izi zimalowa zokha.

Pamene pamayambira ntchito yeniyeni ndi pa mbiri. Mabuku ambiri amayamba ndi 1876, chaka chimene amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni pamalo amene Henry Henderson anasankha, n'kuwatcha dzina la kwawo kwa Livingstone. Chakacho n'choona, ndipo chiyenera kulembedwa. Koma nkhani yoyambira pamenepo imamveka ngati amishoniwo anafika m'tchire lopanda munthu, pamene anapeza midzi ndi minda, ndipo malo anachita kupatsidwa ndi mfumu Kapeni ya Chiyao. Amang'anja analipo kale m'dera lonseli. Ngakhale dzina lakuti Kabula, limene anthu ambiri amatchulabe mpaka lero akamanena mzindawu, liyenera kupezeka m'ndime zoyambirira, pakuti wowerenga adzalimva pawailesi ndi m'nyimbo ndipo adzafuna kudziwa kuti ndi malo omwewo.

N'chimodzimodzi ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels. Nkhani iliyonse imanena kuti anachimanga ndi David Clement Scott pakati pa 1888 ndi 1891, ndi kuti iye sanaphunzire za zomangamanga. Zoona. Koma Scott sanaumbe yekha njerwa zonse zija, sanaziotche yekha, sanakwere yekha pamwamba pa nsanja. Mawu ochepa chabe, akuti anamanga pamodzi ndi amisiri a kuno, amabwezeretsa manja mazana ambiri m'nkhaniyo popanda kuitalikitsa.

Nanga zochititsa manyazi? M'zaka zoyambirira za mishoni ya Blantyre, amishoni ankaweruza milandu okha, kukwapula anthu mwankhanza, ndipo ena anafa. Mlendo wina, Andrew Chirnside, anaziulula m'kabuku mu 1880, mpingo ku Scotland unafufuza, ndipo mtsogoleri wa mishoniyo, Duff Macdonald, anachotsedwa. Munthu wokonda mpingo wake angafune kuti zimenezi zisiyidwe. Koma insaikulopediya si mwambo wa maliro pamene timangotchula zabwino za malemu. Nkhaniyi inasintha kayendetsedwe ka mishoni, ndipo ndi imene inatsegulira njira Scott yemwe uja. Ilowe, m'mizere iwiri kapena itatu, popanda kukometsa ndiponso popanda kukolezera.

Tsopano tituluke mumzinda. Mukadutsa Chirimba n'kufika pa Kameza, msewu umagawikana: wina ukulowera ku Chileka, wina ukupitirira ku Lunzu, Matindi, Lirangwe, Mdeka mpaka pa mlatho wa Zalewa. Munthu wokonda malamulo anganene kuti nkhani ya mzinda ithere pamene malire a khonsolo athera, zotsalazo zipite ku nkhani ya boma la Blantyre. Lamuloli n'losavuta kulitsata, koma likatsatidwa mwakhungu limabala nkhani ya mzinda wopanda madzi, wopanda magetsi, wopanda bwalo la ndege ndiponso wopanda moto wophikira nsima.

Taonani madzi. Ambiri mwa madzi amene amatuluka m'mipopi ya ku Ndirande ndi ku Namiwawa amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mumzinda. Popeza mzinda uli pamtunda ndipo mtsinje uli kuchigwa, madziwo amachita kukankhidwa ndi makina kukwera mamita mazanamazana, ndipo amapumira pa siteshoni ya ku Chileka asanakankhidwenso. N'chifukwa chake magetsi akazima madzinso amasiya, ndipo n'chifukwa chake bungwe la Blantyre Water Board limalira ndi bilu ya magetsi. Magetsiwonso amachokera mu Shire momwemo, pa Nkula pamene makina oyamba anayamba kugwira ntchito mu 1966, ndi pa Tedzani kumunsi kwake. Wowerenga amene sanauzidwe zimenezi sangamvetse chifukwa chimene mzinda wa mvula yambiri chotere umakhalira ndi mizere ya zigubu pa mipopi.

Taonaninso moto. Aliyense amene anayendapo pa M1 mbandakucha anawaona anyamata a njinga, matumba a makala atasanjikizana kupitirira mutu, akukankha pa zitunda kulowera ku tauni. Mabanja ambiri a mumzinda amaphikira makala, ndipo mitengo yake imagwa kumidzi, kuno ku Blantyre ndi kutsidya kwa Shire ku Neno ndi Mwanza. Mitengo ikatha dothi limakokoloka, mitsinje ngati Lunzu ndi Lirangwe imalitengera ku Shire, matope n'kukadzaza pamene amapopa madzi ndi pamene amapanga magetsi. Mbaula ya ku Mbayani ndi mpopi wouma wa ku Mbayani ndi nkhani imodzi, ndipo nkhaniyo imadutsa pa Lirangwe.

Apa ndiye pamene ine ndimapezera muyeso wanga, umene ndimauona wothandiza kuposa mzere wa pa mapu. Chinthu chilichonse chimene chikufuna kulowa ndimachifunsa kuti: ndikakuchotsa, kodi mzindawu ukhala ukumvekabe? Walker's Ferry ndikaichotsa, nkhani ya madzi sikumveka. Ilowe, ngakhale ili kunja kwa malire. Dzina la sitolo yogulitsa matayala ku Ginnery Corner ndikalichotsa, palibe chasowa. Itsale, ngakhale ili pakatikati pa mzinda.

Ndi muyeso umenewu bwalo la ndege la Chileka limalowa mosavuta. Lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera pakati pa mzinda, pakati pa midzi, koma ndilo khomo la Blantyre, ndipo linali khomo la dziko lonse mpaka pamene bwalo la ku Lumbadzi linatsegulidwa. Pa 6 July 1958 Dr Hastings Kamuzu Banda anatera pomwepa atakhala kunja zaka zoposa makumi anayi, khamu la anthu likumudikira. Pa 3 March 1959 atamugwira kunyumba kwake ku Limbe, anadzamukwezeranso ndege pomwepa kupita naye kundende ya Gwelo ku Southern Rhodesia. Zonsezi ndi mbiri ya Blantyre. Koma kutalika kwa msewu wa ndege, mayina a makampani a ndege ndi masiku amene zimatera, zimenezo zipite ku nkhani ya bwalolo payokha. Nkhani ya mzinda ingotchula n'kuloza chala.

Lirangwe amalowanso, koma pakhomo laling'ono. Kale katundu wochokera kunyanja yamchere ankabwera pa sitima zapamadzi mu Zambezi ndi mu Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Kuchokera apo mathithi ankatsekereza njira, choncho amtengatenga ankasenza katunduyo pamutu kukwera phiri mpaka ku Mandala, kumene kampani ya African Lakes inali ndi likulu lake, kenaka kutsika naye kumpoto mpaka ku Matope, kumene sitima zina zinkamulandira kupita naye ku nyanja ya Malawi. Blantyre anakula chifukwa anali pakati pa njira imeneyi, ndipo chigawo chake cha kumpoto chinkadutsa dera lomweli la Lunzu ndi Lirangwe. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo pamene anaipitiriza kumpoto mpaka ku Salima, kumene inafika mu 1935, inadutsanso pa Lirangwe. Ziganizo ziwiri m'chigawo cha mayendedwe zikukwanira. Woyesa kulowetsamo msika wa Lirangwe, sukulu zake ndi matchalitchi ake ndiye kuti wameza Lirangwe, wamusandutsa kakhonde ka tauni, pamene ndi malo okhala ndi moyo wawowawo.

Chigawo chimene chimadetsa nkhani zambiri za mizinda ndi cha anthu otchuka. Chimayamba ndi mayina asanu, chaka chikatha afika makumi asanu, aliyense akuwonjezera malume ake. Ku Blantyre vutoli lili ndi mbali ina yoseketsa: chipatala cha Queens chimalandira odwala ochokera m'chigawo chonse cha kummwera, choncho pali anthu ambirimbiri amene anabadwira ku Blantyre n'kukhalako masiku atatu okha a moyo wawo. Kubadwira pamalo si kukhala mwana wa pamalopo. Amene ayenera kulowa ndi amene mzinda unawaumba kapena amene anauumba.

Nanga oimba a ku Chileka? Apa mtima wanga umagawikana. M'mudzi mwa Singano ndi midzi yozungulira munatuluka nyimbo zimene dziko lonse limazidziwa. Daniel Kachamba, amene anamwalira mu 1987, ndi mng'ono wake Donald ankaimba kwela ndi gitala ndi chitoliro, ndipo katswiri wa ku Austria, Gerhard Kubik, anayamba kuwajambula ndi kulemba za iwo m'zaka za m'ma 1960. Robert Fumulani anatchuka ndi gulu lake lotchedwa dzina la mtsinje wa Likhubula. Evison Matafale anayambitsa gulu la Black Missionaries (Ma Blacks), ndipo atamwalira ali m'manja mwa apolisi mu November 2001, abale ake a kwa Fumulani anapitiriza gululo. Anthu awa ankaimba m'misewu ndi m'malo achisangalalo a mu Blantyre, nyimbo zawo zinkamveka pa MBC ku Chichiri, ndipo nkhani ya chikhalidwe cha mzindawu yopanda iwo ndi ndiwo zopanda mchere. Koma mukafunsa wokonda Ma Blacks aliyense kuti anyamatawa ndi a kuti, sanena kuti a mu tauni. Amati a ku Chileka, ndipo amanena monyadira. Ndiye ndingawatchule m'nkhani ya mzinda m'chiganizo chimodzi chonena poyera kuti ndi a ku Chileka, mbiri yawo yonse n'kukaiika ku nkhani ya Chileka. Tauni yadya kale zambiri za kumudzi. Isadyenso ndi mayina omwe.

Pali zina zimene zimagwa pa lichero chifukwa sizikhalitsa. Mtengo wa minibasi kuchoka ku Lirangwe kupita ku tauni umasintha mafuta akangokwera, ndipo wolembedwa lero udzakhala bodza miyezi isanathe. Manambala a foni, mitengo ya malo ogona, malo odyera amene atsegulidwa chaka chino: izi ndi za nyuzipepala ndi mabuku a alendo. Malonjezo nawonso ndi oopsa. Msewu wa Lirangwe kudzera ku Chingale mpaka ku Machinga wakhala ukulonjezedwa pamisonkhano ya ndale kwa zaka zambiri, ndipo wolemba amene akanakhulupirira lonjezo loyamba akanalemba kalekale za tala amene anthu a ku Chingale ankangomumva m'makutu. Insaikulopediya ilembe zimene zachitika. Ngati kuchedwako kwasanduka nkhani payokha, ilembe kuchedwako, ndi zaka zake.

Ngozi nazo zimafuna muyeso. Mvula imagwetsa nyumba chaka chilichonse, ndipo si zonse zingalowe. Koma namondwe wa Freddy wa mu March 2023, pamene napolo anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe, ayenera kulowa, chifukwa anaonetsa poyera mmene mzindawu wakwerera m'mapiri opanda mitengo. Chimodzimodzi alendo otchuka. Kuti woimba Madonna anabwera kangapo si nkhani ya mzinda. Kuti mu 2017 pa Queens panatsegulidwa Mercy James Centre, chipatala cha maopaleshoni a ana chimene bungwe lake linathandiza kumanga, imeneyo ndi nkhani, pakuti nyumbayo ilipo ndipo ana akuchiriramo. Palinso zinthu zimene anthu a mumzinda sazidziwa koma dziko lakunja limaudziwira nazo mzindawo. Madokotala a m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa Blantyre Coma Scale poona kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo. Anaukonza kuno Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Mzere umodzi, koma woyenera malo ake kuposa ndime yonse yotamanda kukongola kwa mzinda.

Kutamandako ndi matenda ena. "Mzinda wokongola wa anthu ansangala" ndi mawu amene angalembedwe za mzinda uliwonse padziko, choncho sanena kanthu za Blantyre. Koma kunena kuti ndi likulu la zamalonda kuli ndi umboni wake: Mandala House ya 1882 ikadaimabe, fakitale ya Carlsberg imene inatsegulidwa mu 1968 inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, ndipo msika wa fodya uli ku Limbe. Mawu otamanda akalephera kubweretsa mboni zotere, achoke.

Mboni ndiyo nkhani yomaliza, ndipo ndi imene imapweteka Lirangwe kwambiri. Insaikulopediya yabwino silemba zimene wolemba wangomva. Imafuna kuti chilichonse chikhale choti wina angakachipeze m'buku, m'nyuzipepala kapena m'lipoti lodalirika. Lamuloli ndi labwino, chifukwa popanda ilo aliyense akanalemba kuti agogo ake ndiwo anayambitsa msika. Koma lamuloli limakondera malo amene anali ndi makina osindikizira. Amishoni a ku Blantyre ankalemba makalata, malipoti ndi magazini kuyambira masiku oyambirira, choncho tikudziwa ngakhale za mitengo ya khofi imene anabzala. A Kachamba ali ndi mboni chifukwa Kubik anabwera ndi makina ojambulira mawu, ndipo pambuyo pake Moya Aliya Malamusi, mwana wa ku Chileka komweko, anapitiriza kusonkhanitsa nyimbo ndi nthano za m'deralo. Mbiri yambiri ya Lirangwe ili m'mitu ya akuluakulu: amene anagwira ntchito pa siteshoni ya sitima, amene anaona msika ukuyamba, amene amadziwa mibadwo ya mafumu. Nzeru zimenezi ndi zenizeni, koma sizingalumphe kuchoka pakhonde la agogo kulowa mu insaikulopediya. Ziyenera kudzera kaye m'manja mwa wina amene angazijambule, kuziyerekeza ndi za ena, n'kuzisindikiza. N'chifukwa chake Wikipedia ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni pamene ya Chichewa ikadali kamwana: olemba ndi ochepa, komanso zoti atsamirepo n'zochepa.

Zolembedwa zilipo ndithu kwa wofuna kuzisaka. Malipoti a kalembera a National Statistical Office ku Zomba amapereka chiwerengero cha anthu dera la mfumu iliyonse. Ku National Archives, ku Zomba komweko, kuli mabuku a ma DC a nthawi ya atsamunda, mmene ankalembamo za midzi, misonkho ndi mafumu, ngakhale kuti powerenga pamafunika kukumbukira amene ankalembayo ndi chimene ankafuna. Pamwamba pa Mandala House pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene magazini yake inayamba kutuluka mu 1948. Khonsolo ya boma imatulutsa malipoti a chitukuko otchula misika, zipatala ndi sukulu.

Wotola zonsezi angalembe nkhani ya Lirangwe ya ziganizo zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri: kuti ndi malo a malonda m'boma la Blantyre, kumpoto kwa Lunzu, pa msewu wa M1, kuti pali mtsinje wa dzina lomwelo umene umathira mu Shire, kuti njanji yopita ku Nkaya ndi Balaka imadutsa pomwepo, kuti ndi pamene payambira msewu wa ku Chingale. M'nkhani ya mzinda wa Blantyre dzinali lidzaoneka kawiri kokha, pa mayendedwe ndi pa makala, ndipo paliponse padzakhala kachizindikiro kotumiza wowerenga ku nkhani yaifupi ija.